Mawu a oyimba aakazi akamalasa m'makutu, sikuti sipika yatha

Zaka zapita tikumvabe zomwezi mu Lilongwe muno: woyimba wamkazi akamamveka ngati akukulasa m'makutu, anthu amati sipika yatha, ukagule yaikulu ya mawati ambiri. Anthu ataya ndalama m'mashopu a ku Area 2 chifukwa cha bodzali.

Khutu la munthu limamva kwambiri mawu apakati pa 2 ndi 5 kHz (kHz ndi muyeso wa kupyapyala kwa mawu, osati kukula kwa voliyumu), ndipo "s" ndi "sh" za oyimba aakazi zimakhala cha pa 5 mpaka 8 kHz. Chilichonse chokweza dera limeneli chimapweteka. Choyamba ndi treble, batani lokweza mawu opyapyala, yomwe ambiri timaipotoza mpaka kumapeto. Chachiwiri ndi chipinda: simenti kapena matailosi pansi, makoma opanda kanthu, malata opanda siling'i, zonsezi zimabweza mawu okwera. Palinso nyimbo zowotchetsa pa fulashi, zomwe zina zinafinyidwa kwambiri kuti zikwane zambiri. Ndipo ampulifaya ikakwezedwa kupitirira mphamvu zake imaphwanya mawu, mwinanso kuwotcha kasipika kakang'ono ka mawu okwera.

Yesani nokha. Mverani nyimbo yomweyo pa mahedifoni. Ikalasabe, vuto ndi failo kapena kajambulidwe kake. Bwezerani bass ndi treble pakati, tsitsani voliyumu. Yalani mkeka, tsekani makatani, tembenuzani masipika pang'ono asaloze m'makutu mwenimweni.

Sipika yowonongeka iliko ndithu, koma kawirikawiri imanjenjemera mbali imodzi yokha. Sinthanitsani mawaya a masipika awiriwo mumve ngati vuto lasamuka; likatsala pa sipika yomweyo, ndiye kuti yowonongeka ndi sipikayo. Musanauze mnzanu kuti akagule yatsopano, yambani mwayesa zimenezi.