Mafunso ndi mayankho: magazi a kafukufuku wa mafuta a m'thupi

Chilengezereni pa gulu la WhatsApp kuti ochita kafukufuku akufuna anthu opereka magazi kuno ku Johannesburg, foni sikupuma, ena mpaka afika pa ofesi atakwiya. Tiyankhe zomwe mukufunsa kwambirizo.

Akuyeza chani kwenikweni?
Mafuta a m'magazi, ma lipid. Ku kiliniki nthawi zambiri amangoyeza cholesterol yense, LDL (cholesterol woipa), HDL (cholesterol wabwino) ndi triglycerides (mtundu wina wa mafuta), pomwe makina a ochita kafukufukuwa, otchedwa mass spectrometry, amasiyanitsa tizidutswa ta mafutawo potengera kulemera kwake n'kupeza mitundu mazanamazana. Ma ceramide ena (mtundu umodzi wa mafutawa) akachuluka amayendera limodzi ndi chiopsezo cha matenda a mtima ndi shuga, ndiye akufuna aone ngati zizindikiro zoterezi zingachenjeze munthu asanadwale.

Si anamapopa awa?
Ayi. Tikudziwa mantha omwe anthu anali nawo ku Mulanje ndi Phalombe mu 2017, koma apa palibe akutengedwa magazi asanawerenge ndi kusainira fomu yovomera, ndipo kafukufuku sayamba komiti ya ethics, yoonetsetsa kuti olowa mu kafukufuku akutetezedwa, isanaloleze.

Ndibwere nditadya?
Ayi, musadye maola 8 mpaka 12, madzi okha imwani.

Mulipira zingati?
Apa ndi pomwe pavuta kwambiri, chonde werengani bwino. Lamulo la National Health Act la 2003 sililola kugulitsa magazi ku South Africa, ndiye chomwe mungalandire ndi chongobwezera thiransipoti ndi nthawi yanu, ndalama yake amavomereza ndi a komiti aja osati ife. Tikumva kuti wina wochokera ku Diepsloot amakwera taxi ziwiri ndipo ganyu ya tsikulo imamudutsa, ndi zoona ndipo zikutikhudza, tazipereka kwa eni kafukufuku, koma sitingalonjeze kuti aonjezera, funsani musanasaine kuti pasakhale kudandaula pambuyo.

Ndimamwa ma ARV kapena mankhwala a cholesterol, andilola?
Zitengera ndondomeko yawo. Ma ARV ena amakweza mafuta m'magazi, mankhwala a cholesterol otchedwa ma statin amamutsitsa, choncho muwauze zoona. Musasiye mankhwala chifukwa chofuna kulowa nawo, chonde.

Dzina langa lipita kuti?
Botolo limalembedwa nambala osati dzina, ndipo lamulo la zinsinsi za anthu ku South Africa, la POPIA, limateteza zokhudza inu. Mukafuna kutuluka mumatuluka, simukakamizidwa kupereka chifukwa.

Andiuza ngati ndili ndi matenda a mtima?
Tivomere kuti sitinafotokoze bwino poyamba: ayi, kuyeza kumeneku kudakali pa kafukufuku, sikulowa m'malo mwa dokotala. Ngati BP kapena shuga zikukudetsani nkhawa pitani ku kiliniki, musadikire zotsatirazi.