Chimbale chimene chinatchuka eni ake atabalalika: mbiri ya Refused ndi The Shape of Punk to Come

Pamene gulu loyimba la ku Sweden lotchedwa Refused linalengeza mu Seputembala 2024 kuti lidzatha likamaliza ulendo wotsanzikana ndi olikonda m'chaka cha 2025, mkangano wakale unadzukanso. Ena anati gululi, lomwe linatha m'chaka cha 1998 n'kudzabwererana mu 2012, linkayenera kukhalabe lakufa monga momwe linalumbirira pamene linkatha, pomwe ena anati palibe amene angaletse munthu kukolola m'munda umene analima yekha. Chilengezocho chinabwera patangotha miyezi yochepa woyimba wamkulu wa gululi, Dennis Lyxzén, atadwala mtima mwadzidzidzi mu Juni 2024, koma gwero la mkanganowo ndi chimbale chimodzi, The Shape of Punk to Come, ndi momwe anthu anachilandirira.

Refused inayamba m'chaka cha 1991 mumzinda wa Umeå, kumpoto kwa Sweden, kumene achinyamata ambiri a nthawi imeneyo ankatsata nyimbo za hardcore (mtundu wothamanga ndi waukali wa punk, nyimbo za magitala aphokoso) pamodzi ndi khalidwe lokana mowa, mankhwala ozunguza bongo ndi nyama. Zimbale ziwiri zoyamba, cha 1994 ndi cha 1996, zinali za mtundu womwewo: magitala olemera, kukuwa, ndi mawu odzudzula dongosolo la chuma lokomera olemera. Pa zimenezi palibe zambiri zokambirana.

Nkhani imasintha kumapeto kwa 1997, pamene Lyxzén, woyimba ng'oma David Sandström ndi oyimba magitala Kristofer Steen ndi Jon Brännström analowa mu situdiyo ya Tonteknik ku Umeå komweko, ndipo Pelle Henricsson ndi Eskil Lövström ndiwo ankawajambula. Dzina la chimbalecho analitengera ku chimbale cha jazi cha Ornette Coleman cha 1959, The Shape of Jazz to Come, ndipo tanthauzo lake linali lodzikweza mosabisa: umu ndi mmene nyimbo za punk zidzakhalire m'tsogolo. M'nyimbo 12 zimenezo anaikamo zinthu zimene anzawo a hardcore ankaziona ngati zonyansa, monga kagundidwe ka techno, vayolini, besi yaikulu ya jazi, mawu onga a muwailesi, ndi malo ena pamene phokoso lonse limangoti zii kwa kanthawi lisanabwerenso mwamphamvu. Nyimbo ya "New Noise" inkafunsa kuti munthu angayembekezere bwanji kuti ena amumvere ngati akuyimbabe ndi mawu akale omwewo. Funsolo linkaloza anthu enieniwo amene ankagula matikiti awo.

Anthuwo anayankha mwa kungokhala chete. Kampani ya Burning Heart inatulutsa chimbalecho m'chaka cha 1998, ndipo chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri n'chakuti ku America chinagulidwa makope pafupifupi 1,400 okha m'chakacho. Chiwerengerochi chiyenera kuwerengedwa mosamala, chifukwa tsiku limene amalemba kuti chimbalecho chinatuluka, 27 Okutobala, linafika gululo litatha kale, ndipo chimbale chopanda ochiyimba sichingayende malonda m'miyezi iwiri. Komabe oyimbawo akamakumbukira nthawiyo amagwirizana pa mfundo imodzi, yakuti anthu awo sanachikonde, ndipo iwo eni anali atatopana.

Apa ndipo pakubwera usiku wa ku Harrisonburg, m'chigawo cha Virginia, umene m'maganizo mwanga ndiwo unasintha zonse. Kumayambiriro kwa Okutobala 1998 Refused inali paulendo ku America pamodzi ndi gulu la Frodus, ikuyimba m'malo ang'onoang'ono kwa anthu owerengeka. Oyimbawo anali atagwirizana kale kuti gulu latha, ndipo madeti otsala a ulendowo anali atathetsedwa. Phwando lotsiriza linachitikira m'chipinda chapansi pa nyumba ya anthu wamba, mothinana ndi motentha, popanda nsanja yeniyeni. Atangoyimba nyimbo zochepa, apolisi anafika n'kuimitsa zonse iwo ali mkati mwa "Rather Be Dead", nyimbo ya m'chimbale chawo cha 1996, ndipo anthu amene anali m'chipindamo anapitiriza kufuula mawu a nyimboyo zoyimbira zitazimitsidwa. Zimenezi zinajambulidwa pa kanema, ndipo zikuoneka mu filimu imene Steen anakonza n'kuitulutsa m'chaka cha 2006. Filimuyo ndiyo umboni waukulu umene tili nawo, koma tisaiwale kuti woikonza anali mmodzi wa oyimbawo, ndipo ofunsidwamo ankalankhula patapita zaka, nthano itayamba kale kukula. Chimene chimandikhudza n'chakuti oyimbawo sakudzionetsa ngati ngwazi. Akuoneka ngati anyamata a zaka za m'ma 20 amene anaona kubwera kwa apolisi ngati chipulumutso.

Pambuyo pake anatulutsa kalata yaukali yolengeza kuti Refused yafa, kuti sadzayimbanso limodzi, ndiponso kuti sadzayesa kutamanda kapena kukondwerera zimene zinapita. Lyxzén anayambitsa gulu lina, The (International) Noise Conspiracy, ndipo enawo analowera kwawo.

Ndiyeno chimbalecho chinayamba kuyenda chokha. Kanema wa "New Noise" ankaonetsedwa pa wailesi zakanema, oyimba achinyamata ankapatsirana chimbalecho, ndipo nyimboyo inamveka mu filimu ya Friday Night Lights ya 2004. M'chaka cha 2003 magazini ya Kerrang! inachiika pa nambala 13 pa zimbale 50 zimene zinakhudza kwambiri oyimba ena. Gulu la Paramore linabwereka mzere wa mu "Liberation Frequency" n'kuuika m'nyimbo yake. Kampani ya Epitaph itachitulutsanso m'chaka cha 2010, tsamba la Pitchfork linachipatsa 9.4 pa 10, ndipo pofika 2015 malonda a ku America anali atafika makope pafupifupi 179,000. Ndemanga zoyamikira zimene anthu amaziloza lero pafupifupi zonse zinalembedwa m'zaka zimenezi. Nchifukwa chake ndimakayikira ndikamva munthu akunena kuti olemba za nyimbo anazindikira ukulu wa chimbalechi: ambiri anafika nkhani ya ku Harrisonburg itawatsogolera kale, ndipo n'kovuta kusiyanitsa chimene ankayamikira, nyimbozo kapena imfa ya gululo.

Otsutsa nawo alipo, ndipo mfundo yawo si yopepuka. Iwo amati zambiri zimene Refused inadzitamanda nazo zinachitidwa kale ndi Nation of Ulysses, gulu la ku Washington lomwe linkatulutsa nyimbo ku kampani ya Dischord, kuyambira masuti, timakalata ta ndale, mpaka kukonda jazi, ndipo chimbale chake cha 1992 chili ndi nyimbo yotchedwa "The Sound of Jazz to Come", dzina lofanana kwambiri ndi la chimbale cha Coleman. Ngongole imeneyi ndi yoona ndipo iyenera kutchulidwa nthawi zonse. Koma aliyense womvera zimbale ziwirizi motsatizana amamva kuti kulemera kwa magitala a Steen, kulondola kwa ng'oma za Sandström ndi kuyera kwa kajambulidwe ka ku Tonteknik sizinachokere ku Washington.

Mlandu waukulu unabwera mu Januwale 2012, pamene zinamveka kuti Refused idzayimba ku Coachella, phwando lalikulu la ku California. Anthu anafukula kalata ya 1998 n'kufunsa kuti adani a ndalama aja akukatani kumeneko. Zimbale zotsatira, Freedom cha 2015 ndi War Music cha 2019, sizinathetse mkanganowo, makamaka popeza Shellback, wojambula nyimbo za pop, anathandiza pa nyimbo ziwiri za mu Freedom, ndiponso Brännström anali atachoka m'gulumo mosagwirizana m'chaka cha 2014. Lonjezo linaswekadi, ndipo oyimbawo sanakane. Chokhacho, amene analemba kalatayo anali anyamata okhumudwa omwe nyimbo zawo zabwino koposa anaziyimba kwa miyezi yochepa pamaso pa anthu osazifuna, ndipo ambiri mwa amene anawadzudzula mu 2012 anali asanamveko dzina la Refused pamene apolisi ankatsikira m'chipinda cha ku Harrisonburg.