Nsambo za gitala sizidikira kuduka

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva anzathu oimba gitala kuno ku Harare, ku Mbare ndi ku Mufakose komwe, akunena kuti nsambo imasinthidwa ikaduka basi. Zanditopetsa, chifukwa si zoona.

Thukuta la m'zala ndi litsiro zimalowa m'mizere ya nsambo zonenepa zija, ndipo zachitsulo zimachita dzimbiri, makamaka m'dzinja. Mawu amafa pang'onopang'ono, khutu n'kuzolowera osazindikira. Gitala imavutanso kuchuna.

Yesani nokha. Pukutani kunsi kwa nsambo ndi kansalu koyera, muone kuda kwake. Kenako sinthani imodzi yokha, mumve kusiyana kwa kaliridwe kake ndi yoyandikana nayo. Chonde, musanauze wophunzira zimene munangomva kwa ena, yambani mwaziyesa pa gitala yanu.