Njuga ya pafoni ndi matenda, ndipo thandizo lilipo

Kale munthu wofuna kutchova njuga ankachoka pakhomo, n'kupita kuseri kwa msika kumene anzake amaombetsa makadi, ndipo anthu ankamuona. Masiku ano njuga ili m'thumba. Foni yomwe timalandirira ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba ndi yomweyo imene timabetchera mpira, kuulutsa kandege ka Aviator, kapena kuzunguza mawilo a kasino pakati pa usiku, apabanja ali mtulo pambali pathu. Uthenga uno ndi wa aliyense amene akuona kuti iye mwini, mwana wake, mkazi wake kapena mwamuna wake wayamba kulephera kusiya.

Masewera amene amati ndi aulere

Pa Facebook ndi m'masitolo a mapulogalamu a pafoni muli masewera a kasino omwe safuna ndalama poyamba, monga Slotomania, Zynga Poker ndi Big Fish Casino. Mukangolowa amakupatsani timakobiri tamasewera tambirimbiri. Timakobiri timeneti simungatisinthe kukhala makwacha, n'chifukwa chake ambiri amati iyi si njuga. Koma tikatha, pulogalamu imakuuzani kuti mudikire maola angapo, kapena mugule tina ndi ndalama zenizeni. Apa ndalama imalowa koma sibwerera konse, ngakhale mutapambana chotani. Mu 2018 khoti la apilo ku America linagamula kuti Big Fish Casino ndi njuga yosaloledwa malinga ndi malamulo a chigawo cha Washington, ndipo mu 2020 makampani okhudzidwa anavomera kulipira madola 155 miliyoni pothetsa mlanduwo.

Chodetsa nkhawa kwambiri ndi ana. Mwana wa sitandade 7 akabwereka foni ya mayi ake kuti "asewere gemu", amatha kumaphunzira phokoso, magetsi ndi chimwemwe cha kasino zaka zambiri asanafike 18, msinkhu umene lamulo la Malawi limalola munthu kubetcha. Masewerawa samangidwa ndi malamulo a njuga yeniyeni, choncho angathe kumupambanitsa pafupipafupi, n'kumusiya akukhulupirira kuti ali ndi dzanja lamwayi. Tsiku limene adzaike ndalama zake zenizeni, masamu amakhala ena.

Masamu ake ndi otani?

Tengani gudumu la roulette la ku Ulaya. Lili ndi manambala 37, kuyambira 0 mpaka 36. Mukalosera nambala imodzi n'kupeza, amakupatsani kuwirikiza ka 35, osati ka 36. Kusiyana kochepako ndiye phindu la kampani: pa K10,000 iliyonse yobetcha, pafupifupi K270 imatsala kwa iwo tikawerengera masewera ambiri pamodzi. Zimaoneka zazing'ono. Koma pafoni masewera amodzi amatha m'masekondi ochepa, ndipo munthu wobetcha K10,000 maulendo 50 usiku umodzi wazunguza K500,000, yomwe gawo la kampani ndi pafupifupi K13,500. Tikiti ya mpira yokhala ndi matimu khumi kapena kuposerapo imamulemera wobetcha koposa, chifukwa phindu la kampani limaunjikana pa timu iliyonse yomwe waonjezera.

Kandege sikakumbukira kuti kagwa msanga kasanu kotsatizana, choncho palibe "nthawi yake yoti kauluke". Anthu a pa WhatsApp, Telegram ndi TikTok amene amagulitsa "masiginolo" kapena magemu "otsimikizika" akungokudyerani kachiwiri. Akanakhala kuti akudziwadi, sakanapempha K5,000 yanu.

Chimene chimachitika m'thupi

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linaika vuto la njuga m'buku lake la matenda la ICD-11, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2022, pafupi ndi mavuto a mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. WHO imati pafupifupi munthu wamkulu 1.2 pa 100 alionse padziko lapansi ali ndi vutoli, ndipo pa munthu mmodzi wobetcha mopyola muyezo, anthu ena pafupifupi 6 amavutika naye limodzi.

Ubongo uli ndi mankhwala achilengedwe otchedwa dopamine, omwe amatipangitsa kufuna kubwereza chinthu. Amatuluka kwambiri pamene mphoto siikudziwika kuti ibwera liti. Kuphonya pang'ono, monga timu imodzi yokha kuononga tikiti mphindi ya 90, kumaupangitsa ubongo kumva ngati watsala pang'ono kudya, pamene ndalama yapita yonse. Ichi n'chifukwa chake mawu akuti "ndingobwezako zanga, ndisiya" ali chizindikiro chachikulu kuposa zonse. Munthu wofika apa sakusewera pofuna chisangalalo. Akuthamangitsa zomwe waluza, ndipo dzenje likukulirakulira. Si ufiti, komanso si kupusa. Aphunzitsi, anamwino, akabaza, ophunzira a kuyunivesite ndi akuluakulu a mpingo onse amagwamo.

Mungadziwe bwanji?

Taganizirani bambo amene walandira malipiro Lachisanu. Loweruka m'mawa mayi akupempha ya chigayo, iye akuti netiweki yavuta, ndalama sizinalowe. Foni wayiika chafufumimba pampando, ikalira akuthamangira nayo panja. Usiku kuwala kwa foni kukuoneka m'bulangete. Pofika pakati pa mwezi wailesi yagulitsidwa, wakatapila wayamba kufika pakhomo, ndipo ndalama ya banki mkhonde yomwe mayi anasunga m'chikwama yachepa.

Zizindikiro zake n'zimenezo: kubisa ndi kunama, kuonjezera ndalama yobetcha kuti mtima ugunde ngati poyamba, kukwiya kapena kusowa mtendere akayesa kusiya, kubetcha pothawa nkhawa, kukongola kapena kutenga ndalama za kuntchito, ndi kunyalanyaza ana, sukulu kapena ntchito. Nthawi zambiri thupi nalo limadandaula: kusowa tulo, mutu, mtima kuthamanga, kusafuna chakudya, kumwa mowa kwambiri. Dziwaninso kuti mankhwala ena a matenda onjenjemeretsa thupi a Parkinson, komanso mankhwala a matenda a maganizo otchedwa aripiprazole, amatha kuyambitsa chilakolako cha njuga mwa anthu ena. Ngati zayamba mutayamba mankhwala otere, uzani dokotala, musasiye nokha.

Zoyenera kuchita

Choyamba ndi kuuza munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, ndi kumuuza zonse, kuphatikizapo ngongole yeniyeni. Mutu umodzi susenza denga, ndipo matendawa amakula bwino mumdima. Kenako dulani njira ya ndalama. Kwa miyezi ingapo malipiro azisunga mnzanu wapabanja kapena m'bale, inu muziyenda ndi ya thiransipoti ndi chakudya basi. Pemphani kampani yobetchera kuti itseke akaunti yanu, fufutani mapulogalamu onse kuphatikizapo aulere aja, ndipo tulukani m'magulu a matikiti. Ena amathandizika pobwerera kaye ku foni ya mabatani. Makampani a njuga m'Malawi amayang'aniridwa ndi Malawi Gaming and Lotteries Authority, MAGLA, ndipo mungadandaule kumeneko ngati kampani ikulola ana kubetcha.

Kwa inu achibale, musathamangire kumulipirira ngongole iye asanayambe kulandira thandizo, chifukwa nthawi zambiri zimenezi zimangomutsegulira njira yobetcheranso. Tetezani ndalama ya fizi, lendi ndi chakudya, sinthani nambala zachinsinsi za Mpamba ndi Airtel Money, ndipo muyankhule naye mitima ili pansi, osati pagulu. Kumunyoza kumangomuphunzitsa kubisa bwino. Akasiya n'kubwereranso, sikuti zonse zalephereka. Ambiri amagwa kangapo asanaimiretu.

Chithandizo chenicheni ndi uphungu wa akatswiri a maganizo, womwe umathandiza munthu kuzindikira zimene zimamukoka ndi kusintha kaganizidwe kake pa za mwayi. Ngati pali matenda a nkhawa, kukhumudwa kwambiri kapena vuto la mowa, zimenezo zimachizidwa nthawi yomweyo. Yambirani pa chipatala cha boma chanu ndi kufunsa namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. Thandizo limapezekanso ku Zomba Mental Hospital, ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Anthu omangika ndi njuga ndi ngongole amakhala pachiopsezo chachikulu chodzipha. Munthu akanena kuti watopa ndi moyo, kuti bola angofa, kapena akayamba kugawa katundu wake ndi kutsanzika, musatenge ngati akungoopseza. Musamusiye yekha, chotsani pafupi zingwe, mankhwala a mbewu ndi a makoswe, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale utakhala usiku.