Mukadwala ku Britain: mawu a Chingelezi ofotokozera matenda

Mukaimba 111, nambala ya NHS (bungwe la boma loyendetsa zipatala kuno ku Britain) ya matenda ofuna thandizo mwachangu, amakufunsani mafunso motsatizana, ndipo zimene mwayankha ndi zimene zimawauza ngati muthamangire kuchipatala lero kapena mudikire. Choncho ulemu wathu uja woti "akupezako pang'ono" pamene munthu akulephera n'kudzuka komwe, pano suthandiza.

Samalani ndi liwu loti sick. Mukati "I feel sick" iwo amamva kuti muli ndi mseru, ndipo "he has been sick" ndiye kuti wasanza. Pofuna kunena kuti munthu akudwala, nenani unwell kapena ill. Liwu loti poorly limamveka lofewa, koma namwino akakuuzani kuti wodwala wanu ali "very poorly", dziwani kuti matenda akula. Zoti under the weather n'za kusapeza bwino pang'ono chabe, ngati chimfine wamba.

Kwathu thupi likangotentha timati malungo. Kuno kutentha thupi ndi fever kapena high temperature, kuyambira madigiri 38, ndipo adzafuna muwauze nambala yake, ndiye sungani choyezera m'nyumba. Khanda losakwana miyezi 3 likafika pa 38 lionedwe msanga, osadikira kuti kuche. Malungo enieni a udzudzu ndiwo malaria. Ngati munapita ku Malawi, Zambia kapena Mozambique m'chaka chapitachi, nenani zimenezo poyambirira penipeni ndipo pemphani kuyezedwa magazi tsiku lomwelo. Dokotala wa ku Leeds kapena Leicester sakumana ndi malungo kawirikawiri, angathe kuganiza kuti n'chimfine.

Funso lina limene limatisokoneza n'lakuti "does she look pale?" Pa khungu lakuda, nkhope siinena zambiri. Tambasulani chikhatho cha wodwalayo, kokerani pansi chikope cha m'munsi muone m'kati mwake, yang'ananinso usinini ndi lilime. Zikaoneka zoyera m'malo mofiira, yankhani kuti inde, ndipo tchulani pamene mwaona. Maso akachita chikasu, amati jaundice. Milomo kapena lilime zikatuwa ngati phulusa kapena kuoneka zabuluu, musavutike n'kufuna liwu, imbani 999, nambala yoitanira ambulansi moyo ukakhala pachiswe.

Za ana, mawu awiri awa musawaiwale. Floppy ndi mwana wolefuka, woti mukamunyamula khosi ndi manja zimangoti lende. Drowsy ndi wongosinza, wovuta kumudzutsa. Onjezerani ngati akukana bere komanso ngati thewera lakhala louma nthawi yaitali, chifukwa n'chizindikiro choti madzi achepa m'thupi.

Kukomoka nako, Chingelezi chimakugawa pawiri. Amene wachita chidima n'kugwa, kenako n'kutsitsimuka posakhalitsa, amati fainted kapena passed out. Amene waumitsa thupi, kugwedezeka ndi kutembenuza maso, amati fit kapena seizure. Zikachitika koyamba, kapena zikapitirira mphindi 5, ndi za 999. Chizungulire ndi dizzy, kuphwanya m'thupi ndi aching all over.

Chingelezi chikakuthawani, monga chimachitira munthu akapanikizika, pemphani womasulira. Ku NHS simulipira, ndipo ngati sakupeza Chichewa pamndandanda wawo, auzeni ayang'ane Nyanja. Ntchito imeneyi musaisiyire mwana wanu wa sukulu: pali zina zimene mayi sanganene pamaso pa mwana wake, ndipo dokotala amafunika kuzimva zimenezo.