Njovu, mtedza ndi atolankhani a WJM

Wowerenga nkhani pa kanema amaoneka ngati amadziwa zonse. Ife amene timamulembera timadziwa kuti mawu aja si ake: wina wakhala nawo pa desiki kuyambira masana, akudula ziganizo kuti zikwane masekondi 30, wotchi ikumuthamangitsa. Nthabwala za masewero a mu newsroom (chipinda chimene atolankhani amakonzeramo nkhani) zimamera pamenepa, pakati pa nkhope yomwe anthu amaiona ndi anthu amene saoneka.

Sewero lomwe linagwira bwino zimenezi ndi The Mary Tyler Moore Show, lomwe linkaonetsedwa pa CBS ku America kuyambira 1970 mpaka 1977. Zonse zimachitikira pa siteshoni yongopeka ya WJM ku Minneapolis. Ted Baxter ndiye wowerenga nkhani, wodzikonda, wopunthwa pa mayina, koma ndi amene anthu amamudziwa mumsewu. Murray Slaughter amalemba, ndipo amangomva chisoni Ted akamawononga ntchito yake. Lou Grant ndi mkonzi waukali, pomwe Mary Richards amayesetsa kuti onsewa asadyane.

Gawo limene ndimalikonda kwambiri ndi la 1975. Chuckles, wanthabwala wosangalatsa ana pa siteshoniyo, anapita ku perete atavala ngati mtedza, ndipo njovu inamupha pofuna kumusenda. Uthenga utafika mu ofesi, mawa lake Murray ndi Lou anangofa nacho chiseko. Mary anawadzudzula kuti munthu wamwalira, alemekeze maliro. Tsiku la mwambo onse anakhala duu, nkhope zili pansi. Abusa atayamba kufotokoza za moyo wa malemuyo, amene analephera kudzigwira ndi Mary yemweyo: akuluma milomo, akudzitsokomoletsa, chiseko chikumutuluka basi.

Amene sanagwirepo ntchitoyi angaone ngati Murray ndi Lou ndi ouma mtima. Ine ndikuwamvetsa. Munthu wolemba za ngozi ya pamsewu m'mawa, za moto masana, za imfa madzulo, amafuna potulutsira mpweya, ndipo nthawi zambiri amatulutsira m'nthabwala zomwe sangazinene pagulu. Olemba seweroli sanamuchititse manyazi Mary chifukwa cha kuseka. Abusa aja anamuuza kuti aseke momasuka, pakuti Chuckles ankakonda kuona anthu akuseka. Atangomva zimenezo, Mary anayamba kulira mosisima.