Mankhwala a khate amene anachiritsa mbewa koma analephera pa anthu ku Gulupu

Mwana akamatsegula m'mimba sabata yonse osaleka, ambiri timaganiza za kolera kapena rotavirus, kachilombo kamene kamatsegulitsa ana m'mimba. Koma pali kachilombo kena kotchedwa Cryptosporidium kamene kafukufuku wamkulu wa GEMS, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2013, anapeza kuti ndi kachiwiri kwa rotavirus pa kutsegulitsa m'mimba makanda osakwana chaka. Kamalowa kudzera m'madzi kapena chakudya chokhudzana ndi chimbudzi, ndipo klorini wothira m'madzi sakapha. Kuwiritsa madzi ndiko kumathandiza.

Mankhwala ovomerezeka alipo amodzi okha, nitazoxanide. Atayesedwa pa ana onyentchera ku Lusaka, anathandizako ana opanda HIV, koma pa ana omwe anali ndi HIV sanaphule kanthu. Ndiye kuti amene amafa kwambiri ndi matendawa ndi omwewo amene mankhwalawa sawagwira.

Kufufuza atsopano kumayambira m'labotale. Asayansi amalera maselo a m'matumbo a munthu m'timabowo ta mbale zapulasitiki, n'kuikamo kachilomboka, kenako makina amadontheza mankhwala osiyanasiyana, bowo lililonse ake. Ku Calibr, bungwe lofufuza mankhwala la ku California, anayesa motere mankhwala oposa 78,000 ndipo mu 2017 analengeza kuti clofazimine, mankhwala akale a khate amene amagwiranso pa TB yosamva mankhwala, akupha kachilomboka. Anayesa pa mbewa zofooka chitetezo cha m'thupi, mazira a kachilomboka m'ndowe anatsika. Poti anthu akhala akumwa clofazimine kwa zaka zambiri, zoopsa zake zinali zodziwika kale, choncho njira yopita kwa odwala inali yaifupi.

Kuyesa pa anthu kunachitikira ku Blantyre, pa chipatala cha Queen Elizabeth (Gulupu), mothandizana ndi bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome. Akuluakulu omwe anali ndi HIV komanso Cryptosporidium anagawidwa mwamaere: ena kulandira clofazimine masiku 5, ena mapiritsi ofanana nawo koma opanda mankhwala, popanda dokotala kapena wodwala kudziwa amene akumwa chiyani. Zotsatira zinatuluka mu 2020. Panalibe kusiyana kwenikweni, kaya pa kuchuluka kwa kachilombo m'chimbudzi kapena pa kutsegula m'mimbako.

Chomwe chimandichititsa chidwi ndi magazi a odwalawo. Mankhwala anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi a anthu ena a HIV osatsegula m'mimba omwe anamwa mlingo womwewo. Clofazimine amasungunuka m'mafuta, salowa bwino m'thupi la munthu amene sakudya, ndipo matumbo otupa, othamangitsa zonse, samupatsa mpata. Mbewa ya m'labotale imadya bwino ndipo nthawi zambiri sitsegula m'mimba ngati munthu. N'chifukwa chake ofufuza ambiri amadaliranso ana a ng'ombe ongobadwa kumene, omwe amatseguladi m'mimba akagwidwa ndi kachilomboka. Kwa ine, mankhwala amene sanapambane pa mwana wa ng'ombe sayenera kufulumizidwa kupita kwa wodwala.

Kampani ya Novartis yatenga njira ina. Kachilomboka kamakhala pamwamba pa maselo a m'matumbo, choncho mankhwala awo atsopano, EDI048, anapangidwa kuti agwire ntchito m'matumbo momwemo, ndipo otsala amene alowa m'magazi chiwindi chiwaphwanye msanga. Cholinga n'chakuti asavulaze mwana wonyentchera wa miyezi 8 amene thupi lake silingapirire mankhwala amphamvu oyenda m'magazi.